Awiri Okha M'Landirova ya a Karimu

Chaka cha 1976, mvula itangosiya, a Karimu a golosale ya pafupi ndi msika wa Katete anagula Landirova yotopa pa okushoni ya boma ku Chipata. Amene anaiona ili yatsopano ankati inali yobiriwira, koma pofika m'manja mwa a Karimu mtundu wake unali wa fumbi basi. Chitseko cha kumanzere ankachimanga ndi mphira, ndipo hutala yake inkalira ngati mbuzi ya chimfine. Anthu a pamsika anaseka mpaka kugwira nthiti. Mkazi wawo, Zubeda, sanaseke nawo ayi. Iye anasuzumira m'kati, naona mpando wakutsogolo, nalephera kuchotsapo maso.

Kuti mumvetse, muyenera kudziwa za nyumba ya kuseri kwa golosale ija. Zubeda anali atakhala m'banja zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo m'zaka zonsezo sanamwepo ngakhale tiyi ali awiriwiri ndi amuna ake. Amati mlendo ndi mame, koma mame a pa nyumba imeneyi sankauma. A Karimu anabadwira ku Nkhotakota, ndiye aliyense wochoka ku Malawi kupita ku migodi ankati agone usiku umodzi, mwezi n'kutha akadali pamphasa. Bambowo anali munthu wabwino, ubwino wotopetsa, wopanda mawu akuti ayi m'kamwa mwawo. Zubeda ankawakonda kwambiri, ndipo chinkamupweteka n'chakuti ankawasowa ali nawo nyumba imodzi.

Nkhani ya phiri inabwera ndi a Yotam a ku Sinda, kapitawo wa misewu, mnzawo wa a Karimu amene ankaima pagolosale kumwa tiyi akamadutsa. Iwo anazungulira Landirova ija, namenya matayala ndi jombo, nagwedeza mutu mokhutira.

“Iyi si motoka ya pa tala, a Karimu, mukuichita mwano,” anatero a Yotam. “Kuseri kwa Vubwi kuli kanjira kamene anthu oyeza malo anatsegula kalekale. Kamakwera mpaka pamwamba pa phiri. Mukaima pamenepo, dzanja ili Malawi, dzanja ili Mozambiki. Kulibe mudzi, kulibe sitolo, kulibe munthu.”

“Kulibe munthu?” anafunsa Zubeda ali kuseri kwa kauntala, sikelo ili m'manja.

“Ngakhale mmodzi, amayi. Anyani okha.”

Zubeda anathira shuga pambali pa pepala. Tsiku lomwelo madzulo anawakokera amuna ake m'chipinda chosungiramo katundu, pakati pa makatoni a sopo, poti ndi malo okhawo amene munalibe mlendo. Anawauza kuti akufuna kukagona pa phiri limenelo. Anyamuke Loweruka, chifukwa Lachisanu ndi la kumzikiti, abwereko Lamulungu. Golosale ayang'anira Nasra, mwana wawo wamkulu.

“Koma awiri, atate ake Nasra. Inu ndi ine.”

“Inshallah,” anayankha a Karimu, maso akuwala.

“Yambani mwanena inde, kenako munene Inshallah.”

“Inde, amake Nasra. Awiri. Inshallah.”

Masabata awiri otsatirawo, anthu aakuluakulu awiriwa anasanduka ana. A Yotam anawajambulira njira pa pepala la thumba la shuga ndi pensulo ya kalipentala. Anaika mitanda iwiri pa mitsinje yoti awoloke, ndi kamutu ka nyani pamwamba pa phiri. Anawaphunzitsanso tizitsulo tiwiri ta pansi pafupi ndi giya: ka mutu wachikasu kokanikiza kuti matayala onse anayi azikoka, ndi ka mutu wofiira kokokera m'mbuyo njira ikafika poipitsitsa. Zubeda ankabwereza zimenezi posesa ngati mwana wa ku madrasa, chikasu pansi, chofiira m'mbuyo, mpaka alendo a m'nyumba anayamba kuyang'anana.

Anasonkhanitsa fosholo, nkhwangwa, chingwe chokokera, jeke, matabwa awiri oika pansi pa matayala, zigubu ziwiri za petulo ndi chimodzi cha madzi. Tenti analibe, ndiye anabwereka lona wofundira katundu pa lole. Zubeda anawamba nyama ya mbuzi imene a Karimu anazinga okha, nakazinga zitumbuwa zodzaza chitini cha mabisiketi. Anatsuka pulayimasi mpaka inkaoneka nkhope. Makapu anatenga awiri okha, nawakulunga m'chitenje chatsopano. Ankati akayang'ana kamtolo kameneko, chiseko chinkangotuluka chokha.

Cholakwa chawo chinali kuyeserera kumanga lona uja kuseri kwa nyumba masana dzuwa likuswa mtengo. A Karimu anaimika mitengo iwiri, Zubeda analowa m'kati kukagwira wapakati, ndipo chinthu chonsecho chinawagwera pamutu. Anagubuduzika m'menemo akuseka, wina akufunafuna kofiya, wina akufunafuna khomo. Atatulutsa mitu anapeza theka la msika litaima pa mpanda.

A Karimu sankadziwa kunama, ndiye ananena zoona. Anthu sanakhulupirire.

“Mukagone m'sanga, nyumba ya malata ilipo? Mwalakwa chiyani?”

“Kapena mwapeza golide kumeneko, muuzeko anzanu!”

Koma pa nkhani yonseyo makutu a anthu anatola liwu limodzi lokha, lakuti Vubwi. Masiku amenewo kupita mbali imeneyo kunali kudikira lole ya chimanga pamphambano masiku awiri. Ndiye apa panali galimoto yathunthu, yopita komweko, kumbuyo kuli pululu kopanda munthu. Ku Katete kuno chinthu chotere sichiloledwa kudutsa.

Oyamba kufika anali amayi Olipa ogulitsa tomato. Anagwada pakhomo la golosale ngati afika pa bwalo la milandu.

“Nimvela ati muyenda ku Vubwi, a Karimu. Manje mwana wanga wachila ku Chadiza, ni mwana mwamuna. Nili chabe na kasaka ka unga, sikalema.”

Kasaka kajako kanali thumba lathunthu. Kenako anabwera a Obadiya akalipentala ndi chitseko chimene aphunzitsi ena anaitanitsa kale chaka chatha. Anabwera amayi atatu a kwaya opita kumsonkhano wa mpingo, aliyense ndi mtolo wake. Anabwera munthu wina amene palibe ankamudziwa, nati iye ndi mlamu wa a Obadiya, a Obadiya nayang'ana kumwamba. Ena sankafuna kukwera, ankangotumiza: makalata, wilo la njinga, mankhwala a chifuwa, nsapato imodzi yokonzedwa. Potsiriza anafika a Fanuel, nkhalamba imene inapuma ntchito ya umesenjala, ikukoka mbuzi yokapereka pa ukwati wa mdzukulu. Aliyense a Karimu ankamuyankha chimodzimodzi, “Tiona, malo apezeka,” akupewa kuyang'ana kumene kunali mkazi wawo.

Zubeda anayesa nzeru. Anadzaza kumbuyo konse ndi matiresi, mphasa, mtondo umene sankaufuna n'komwe, mpaka mpando wa ndalema, kuti malo asaoneke. Amayi a kwaya anabwera kudzayendera, nagwira matiresi aja, nawomba m'manja.

“Ah, mwatiganizira, amake Nasra! Tikhala pofewa ngati azungu!”

Lachisanu atabwerako kumzikiti, a Karimu anakokedwanso kupita pakati pa makatoni a sopo. Ulendo uno Zubeda sanaseke. Misozi inali m'maso, ndipo inali ya mkwiyo.

“Ndinapempha chinthu chimodzi pa zaka makumi awiri. Sindinapemphe diresi, sindinapemphe wailesi. Ndinati awiri. Tsopano tili asanu ndi anayi, ndi mbuzi.”

“Amake Nasra, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndikanawauza chiyani amayi Olipa?”

“Mukanawauza kuti ayi. Ndi mawu aafupi, ngakhale mwana woyamwa amawatha.”

A Karimu anapotokola kofiya m'manja. Kenako ananena kuti anafunsa mmodzimmodzi kumene akutsikira, ndipo onse atsika asanafike m'tsinde mwa phiri. Anatulutsa pepala la a Yotam, nasonyeza timadontho tomwe anaika m'mbali mwa njira, kadontho kalikonse munthu wake. Kupitirira kadontho komaliza kunali njira yoyera. Zubeda anayang'ana njira yoyerayo nthawi yaitali, napukuta maso, nati aona.

Loweruka atangomaliza swala, pemphero la m'bandakucha, anapeza anthu ali kale pakhonde, mitolo ili pamiyendo. Chitseko cha a Obadiya anachimangirira padenga, mbuzi inakwera pa matiresi ngati mwini wake. Vuto linali a Fanuel. Munthu wa imvi zotere sungamuike kumbuyo ndi mbuzi, dziko lingakuseke. Motero anawakhazika kutsogolo, pakati penipeni pa mwamuna ndi mkazi, giya ili pakati pa mawondo awo. A Karimu akafuna kusintha giya ankayamba apepesa.

Anadutsa msewu wa Chadiza fumbi lili koboo, amayi a kwaya akuimba, mbuzi ikuthira mang'ombe. Pa mchenga wina galimoto inakana, koma anthu onse anatsika n'kukankha ndi nyimbo, inatuluka ngati masewera. Zubeda anakhala atatsamira chitseko cha mphira chija, nkhope ili kunja, akumvetsera a Fanuel akufotokoza mayina a mabwanamkubwa onse amene anawatumikira.

Koma amayi Olipa atatsika ndi thumba lawo, Zubeda anayamba kuwerenga otsala. Anawerama kudutsa kutsogolo kwa nkhalamba ija nanong'oneza, “Atsala asanu ndi mmodzi.” A Karimu analuma mlomo kuti asaseke.

Kutsitsa munthu kumudzi si kungoimika galimoto ayi. Pamafunika kulonjerana ndi aliyense, kuona khanda, kulinyamula, kunena kuti lafanana ndi agogo ake. Pamafunika kumwa thobwa, ndipo simungachoke chimanjamanja. Choncho anthu ankachepa, katundu akuchuluka: maungu, nzimbe, mtedza wosasenda, nkhuku yomangidwa miyendo. Dzuwa linkakwera, kenako linayamba kupendeka. Zubeda ankaliyang'ana ngati mdani, koma kuwerenga sanasiye.

“Atsala atatu.”

“Atatu a chiyani, amayi?” anafunsa a Fanuel.

“Mapiri, agogo.”

“Ayi, mapiri kuno ndi ambirimbiri,” anatero mkuluyo, nayamba kuwatchula mayina.

Mlamu wa a Obadiya anatsika pa mtengo wa mkuyu pomwe panalibe nyumba iliyonse, nalowa m'udzu osatembenuka. Cha m'ma fili koloko anafika pa kadontho komaliza, kamudzi ka nyumba zisanu m'tsinde mwa phiri. A Fanuel anatsika pang'onopang'ono, natambasula msana, nayang'ana phiri lija, nayang'ananso a Karimu.

“Ana anga, njira iyi ndimaidziwa, ndinanyamulako makalata. Ukwati ndi wa mawa. Bwanji ndikuperekezeni, ndikagone nanu kumeneko?”

Zubeda anatembenukira kwa a Karimu. Anaona pakamwa pa amuna ake pakutseguka, ndipo ankadziwa mawu amene amakhala pamenepo. Koma mbuzi ija, itatopa ndi ulendo, inaona anzake ku khola, nidumpha, chingwe chili chokulungidwa pa dzanja la mkuluyo. A Fanuel anapita nayo chothamanga, akukuwa kuti wina aigwire. A Karimu anawakuwira kuti atsale bwino, nalowetsa giya osapepesa kwa munthu.

Atakhota kuseri kwa chulu, mudzi unabisika. M'galimoto munangoti zii, kupatula nkhuku. Pakati pawo panali malo a munthu mmodzi, ndipo onse awiri ankawayang'ana ndi m'mbali mwa diso. Zubeda anadabwa kupeza kuti akuchita manyazi, manyazi enieni a namwali, pamaso pa bambo wa ana ake anayi. Anasendera pang'ono. Anasenderanso. Phewa lake litakhudza phewa lawo, a Karimu anatsokomola, galimoto niphonya mwala pang'onong'ono.

Njira ya a Yotam inali njira m'dzina lokha. Udzu unali wautali kuposa boneti, miyala inali mbwee, nthambi za masuku zinkakwapula denga. Galimoto inkapendekera uku, n'kupendekera uko, maungu akugubuduzika kumbuyo.

“Chikasu pansi!” anakuwa Zubeda, nakanikiza yekha kachitsulo kaja.

Landirova inabangula n'kuyamba kukwera ngati yakumbukira unyamata wake. Zubeda ankakuwa pa bampu iliyonse, akuseka, mpango utagwera pa mapewa. Mtsinje woyamba anawoloka madzi akuthovoka mbali zonse. Ndiye anayamba kuimba kanyimbo ka pa ukwati wawo, kamene a Karimu ankaganiza kuti anakaiwala kalekale. Bambowo anatembenuka kuti amuyang'ane, ndipo anamuyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene woyendetsa galimoto amayenera. Mtanda wachiwiri wa pa pepala la a Yotam anauona ali kale m'kati mwake.

Matayala akutsogolo analowa m'thope lakuda mpaka kubisika. Anakoka chofiira m'mbuyo, injini inalira, galimoto inangodzikumbira manda. Anayesa matabwa, matabwa anamira. Anayesa jeke, nayenso anamira. A Karimu anaima m'thope lofika m'mawondo, nayang'ana kumbuyo kumene m'mawa kunali manja khumi ndi anayi okankha, tsopano kuli nkhuku imodzi yomangidwa miyendo.

“Walira mvula walira matope, amake Nasra,” anatero. “Munafuna awiri. Ndi awa.”

“Ndiye mmodzi akankhe, mmodzi ayendetse,” anayankha Zubeda, nakhala pa chiwongolero koyamba m'moyo wake.

A Karimu anamuonetsa popondera, napita kumbuyo, naika phewa. Zubeda anaponda ndi mtima wake wonse. Matayala anazungulira, thope linauluka, ndipo atasuzumira kumbuyo anaona chinthu chakuda bii chokhala ndi maso awiri, chikulavula. Kofiya inali ikuyandama kumunsi kwa mtsinje. Anaseka mpaka anagwera pa hutala, hutala nilira kulira kwake kwa mbuzi, ndipo chinthu chakuda chija chinakhala pansi m'madzi n'kuyamba kuseka nacho.

Anaisiya galimotoyo momwemo. Pamwamba pa phiri panali patali ndithu, ndipo Malawi ndi Mozambiki anayenera kudikira. Pambali pa mtsinje panali thanthwe lathyathyathya lofunda ndi dzuwa. A Karimu anasamba nkhope ndi manja, naswali pamenepo, kenako anamanga lona uja pakati pa mitengo iwiri, ndipo ulendo uno sanagwe. Zubeda anapopa pulayimasi, namasula chitenje, natulutsa makapu aja. Anathira tiyi, natsegula chitini cha zitumbuwa. Palibe anaitana, palibe anagogoda. Mtima wake unadzaza mpaka ankaopa kulankhula.

Asanamwe kachiwiri, mawu anamveka kuchokera kutsidya, pa madimba a m'munsi mwa chigwa.

“Odi kumeneko! Tamva injini! Kodi mwatitimira?”

Anali amuna angapo, makasu ali pa mapewa, ataima pa chulu patali ndithu.

“Musadandaule, tikubwera! Tilipo asanu, ndipo tikatenga ng'ombe ziwiri! Mukagona kwathu lero, alendo sagona kutchire!”

Zubeda anaika kapu yake pansi. Sanakwiye, poti anthuwo anali abwino, ndipo mtima wa amuna ake ankaudziwa. Kukana wopempha kunkawakanika, nanga wodzakuthandiza, wokuitanira kunyumba kwake? Anatseka chitini cha zitumbuwa mwakachetechete, nayamba kupinda chitenje.

A Karimu anamuyang'ana akupinda. Anaimirira, thope likuuma pa malaya, naika manja kukamwa. Poyamba sipanatuluke kanthu. Anameza malovu, nayesanso, mawu natuluka osweka ngati a tambala wophunzira kulira.

“Ayi!”

Anakoka mpweya, nakuwanso.

“Zikomo kwambiri, abale anga, Mulungu akudalitseni, koma ayi! Musabwere! Mubwere mawa, dzuwa likafika pamutu!”

“Mawa? Kodi muli bwinobwino kumeneko?”

“Tili bwino kwabasi!” anakuwa a Karimu, ulendo uno mawu ali athunthu, mpaka phiri linabwereza. “Ndili ndi akazi anga!”

Amuna aja anayang'anana, wina anaseka, natsika pa chulu paja kubwerera ku madimba awo. A Karimu anakhala pansi mwadzidzidzi ngati munthu amene wanyamula thumba loposa msinkhu wake. Anafuna kutenga kapu, koma anaipendeketsa, tiyi nayamba kutayikira pa thanthwe.

Zubeda anagwira kapuyo pamodzi ndi dzanja lawo, nawamwetsa, iye akuseka ndi kulira nthawi imodzi.